Lendi ya Chipinda Chachisanu

Ndikudziwa kale kuti simundikhulupirira. Inu anzanga a pa siteji ya kabaza, ine ndikanena kuti kunja kwacha mumayamba mwasuzumira pawindo. Chabwino, ndinakunamizanipo za mpasa uja unandikoka ndi bwato lomwe kuchokera ku Liwaladzi mpaka kuona mapiri a ku Mozambiki. Unali wocheperako, ndavomera. Koma iyi yokha ikhulupirireni. Amene akuti ndikukokomeza abwere ndimupatse kiyi, akagone yekha m'chipinda chachisanu. Masana, dzuwa lili paliwombo. Tione ngati atamalize ola.

Zinayamba ndi achemwali anga a ku Joni. Zaka zisanu ndi chimodzi akuchapa zovala za eni, kulera ana a eni, ndalama n'kumabisa mwina m'sokosi, kaya. Tsiku lina anandiimbira foni.

"Iwe, undipezere nyumba ya mdadada kufupi ndi pa boma. Ndigule, uziyang'anira anthu a lendi. Ukandibera ndidzakusenda ngati chinangwa."

"Achemwali, ine kukuberani inu?"

"Iwe unagulitsa njinga ya malume iwo ali pa njinga pomwepo."

Si zoona zimenezo. Anali atatsika.

Nyumba ndinaipeza kudzera mwa ejenti wina wa nsapato zosongoka, wa mafoni atatu, awiri osayaka. Inali kuseri kwa mzikiti, kutsetsereka ngati ukupita kunyanja: zipinda zisanu zondondozana, khonde limodzi, mpope umodzi, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, ndi mtengo wa mango pakati pa bwalo. Mwini wake anali bambo wina wochita geni ya mpunga, amene anali atangomwalira kumene. Ana ake ankafuna kugulitsa kuti agawane aliyense aone njira yake.

Tsono ndikuuzeni, inu amene mumalota zokhala alandilodi. Mukamva kuti nyumba mtengo wake ndi wakuti, dziwani kuti umenewo ndi moni chabe. Ejenti amafuna yake, ndipo amadya mbali zonse ziwiri ngati chiswe. Mboni zimafuna ya sopo. Ku khonsolo kuli mapepala, pepala lililonse lili ndi mchimwene wake, mchimwene wakeyo ali ndi chidindo, chidindocho chili ndi munthu amene wapita kumaliro, mubwere Lachiwiri. Ndinapitako kasanu ndi kawiri. Kabaza wanga anafika poloweza njira, ndikanatha kumutuma yekha. Pamene ukuti wamaliza, wapeza chimbudzi chadzaza, ukumbitse china. Malata awiri akudontha. Mitengo ya denga yadyeka mkati, ukaigogoda ikugwetsa ufa. Bilu ya madzi ya malemu nayo yakudikira ngati mwana wamasiye. Achemwali ankangoti ndikawaimbira, asanayankhe moni, "Zingati?"

Tsiku losainirana tinakhala pansi pa mango paja: ine, ejenti, mwana wamkulu wa malemu amene anachokera ku Lilongwe ndipo ankangoyang'ana wotchi, ndi bambo wina telala, mboni yathu. Atelalawa anali atakhala pa lendi m'chipinda choyamba zaka khumi, makina awo ali pakhonde, kofia pamutu, munthu wolankhula pang'onopang'ono ngati akusoka batani.

Nditagwira kale cholembera, mwana wa malemu uja anati, "Pali kanthu kamodzi. M'chipinda chakumapetocho muli mayi athu aang'ono. Ali pa eda."

"Ali pa chiyani?"

Ine ndinakulira kutchalitchi, ngakhale ndinkakhala benchi yakumbuyo. Atelala ndi amene anandimasulira. Anati kwa Asilamu, mwamuna akamwalira, mkazi wake amakhala m'nyumba momwe anasiyidwamo miyezi inayi ndi masiku khumi. Sayendayenda, sadzikongoletsa, ndipo amuna achilendo sayenera kumuona. Imeneyo ndiyo eda. Panali patangodutsa masabata awiri.

"Ikatha apita kwawo ku Liwaladzi," anatero mwana uja. "Sanabereke ndi bambo athu, ndiye pano alibe chawo."

Anazinena ngati akunena za kabati yotsala m'nyumba. Tinalemba m'kalata ya mgwirizano kuti chipinda chachisanu chikhala cha mayiwo, popanda lendi, mpaka eda ithe. Ndinasaina. Atelala anasaina pansi panga.

Kenaka ndinakhala landilodi. Ndinalemba malamulo pa katoni n'kukhoma pa mango. Lendi isapyole pa faifi. Wolowa kumene apereke ya miyezi itatu. Madzi tigawana pa mutu, ndipo mlendo akapitirira sabata wasanduka mutu. Mita ya magetsi ndi imodzi, ndiye wa ayironi awonjezere, wa filiji awonjezere kawiri, wa hotipuleti asamuke. Kusesa pabwalo ndi kutsuka chimbudzi n'kosinthana. Nyama ya nkhumba ndi mowa zithere kumsewu, chifukwa mpope ndi umodzi ndipo tikukhala ndi anthu oswali. Lomaliza ndinalembera munthu mmodzi: usipa suyanikidwa pakhonde.

Munthuyo anali mayi wa m'chipinda chachitatu, wa geni ya nsomba, pakamwa pake ngati lumo latsopano. Anawerenga katoni yonse manja ali m'chiuno.

"Alandilodi a kabaza, mwaiwala limodzi."

"Liti, mayi?"

"Mwana asamalamule akulu asanamere ndevu."

Usipa anayanika tsiku lomwelo.

Zipinda zinayi zinkalipira. Chachisanu ayi, ndipo ndicho chinali chabwino kuposa zonse: simenti yosasweka, windo loyang'ana kunyanja kolowera kamphepo, kutali ndi chimbudzi. Anthu ankabwera kudzachifunsa. Apa ndisanamizire achemwali. Nditawadandaulira anandiyankha kuti, "Asiye mayiwo, ndi maliro amenewo." Vuto linali langa. Ine ndi achemwali tinali titapangana kuti lendi ya mwezi woyamba ya munthu aliyense watsopano ndi yanga, ndipo matayala a kabaza wanga anali atasalala ngati mutu wa mlamba. Ndikadutsa pa chitseko chija ndinkaona matayala awiri atsopano atatsekeredwa mkati.

Mayiwo sindinkawaona. Ndinkangodziwa kuti alimo. Patapata zobiriwira pakhomo, zoyang'ana mkati, zosasuntha. Kachifuwa kouma. Fungo la ubani Lachinayi madzulo. Mayi wina wachibale ankabwera ndi chakudya m'mbale zovindikira n'kutuluka osalankhula ndi munthu. Ndipo nthawi iliyonse kumzikiti akaitana, mkati muja munkamveka madzi akutsanulidwa m'beseni, pang'onopang'ono, katatu, kupuma, katatu. Ankasamba m'manja ndi kumaso kuti aswali. Ndinafika pozolowera moti ndinkadziwira nthawi pamenepo.

Kutatsala masabata atatu kuti eda ithe, kunabwera kalaliki wa pa chigayo cha mpunga, ndalama ya miyezi itatu ili m'thumba la malaya, ikuonekera. Anati sangapereke asanaone mkati, chifukwa bedi lake ndi lalikulu.

"Muli munthu," ndinatero.

"Ndiye ndipite kwina. Ku Mwadzama kuli nyumba yonse mtengo womwewu."

Linali Lachisanu masana. Atelala anali kumzikiti, amuna onse a mbali ija anali kumzikiti. Pabwalo panali mbuzi ya eni ndi mayi wa nsomba akupepeta usipa. Mumtima ndinati, mphindi imodzi yokha ingaphe ndani? Ndinati odi, koma sindinadikire. Chitseko chinalimba. Ndinachikankha ndi phewa, chinatseguka ndi phokoso ngati mfuti.

Anali atakhala pamkeka, miyendo atatambasula, mutu uli pamtunda. Anali akudzola mafuta m'tsitsi. Tsitsi loyera lonse, lochepa, kamutu kakang'ono ngati ka mwana. Ine ndinkaganiza kuti ndi mayi wamkulu thupi, kaya chifukwa chiyani. Sanakuwe. Anakoka chitenje n'kudzifunditsa, n'kutembenukira kukhoma, mutu n'kutsamira pamenepo.

Ndipo mukudziwa chimene tinachita? Sitinatuluke. Kalaliki uja anavula nsapato, ulemu wake unali umenewo, n'kuyamba kuyeza chipinda ndi mapazi, akuwerenga mokweza. Anadutsa pafupi ndi mkeka. Ine ndili pakhomo, mano panja, ndikuti, "Mwaona windo? Mphepo yake ndi ya ulere, sitiiwerengera pa mutu."

Tikutuluka, mayiwo analankhula, nkhope ikadali kukhoma. Mawu apansipansi, opanda mkwiyo.

"Mwanangu, chitsekocho sachikankha. Amachinyamula pang'ono."

Basi. Mawu okhawo ndi amene ndinamva kwa iwo moyo wanga wonse.

Panja mayi wa nsomba anali ataleka kupepeta. Atelala atabwera, mayiyo anawauza zonse. Ine ndinkayembekeza kukalipiridwa, ndinali nditakonza kale nthabwala ziwiri zozimitsira moto. Iwo anangokhala pa makina awo, n'kulowetsa ulusi m'singano, n'kunena osandiyang'ana:

"Zaka khumi ndili pakhomo pano, tsitsi la mayi aja sindinalionepo. Iwe waliona, ndi mlendo wako yemwe."

"Pepani, bambo, inali mphindi imodzi."

"Unasaina pamwamba panga," anatero, n'kuyamba kupalasa makina.

Eda itatha anabwera abale awo. Ine ndinali pa siteji, ndinachita dala kuchedwa. Ndinapeza chipinda chosesedwa, kiyi ali kwa atelala, patapata palibe. Patangotha mwezi tinamva kuti amwalira ku Liwaladzi konko. Akuti anangogona. Anthu a pabwalo anasonkha ya chipepeso, nanenso ndinaponyapo, koma kumaliro sindinapite. Ndinati kabaza wafa.

Kalaliki analowa ndi bedi lake, ndipo linakwanadi. Anakhala masiku asanu ndi anayi. La khumi ndinamupeza akumanga matiresi pa njinga.

"Achimwene, mundibwezere ndalama yanga."

"Chavuta n'chiyani? Usipa? Ndiwauza."

"Madzi."

Anati amabwera kudzapuma masana chigayo chikaima. Akangogona, kumzikiti n'kuitana, pafupi ndi mutu wake pamamveka madzi akutsanulidwa m'beseni. Katatu, kupuma, katatu. M'chipindamo munalibe beseni.

Ndinaseka mpaka kugwira mango. Ndinati ndi paipi ikudontha. Ndinaitana pulambala, anakumba kuseri konse, anandilipiritsa, n'kundiuza kuti mbali imeneyo kulibe paipi, sikunakhaleponso paipi. Ndalama ya kalaliki ndinabweza, yanga ya mwezi woyamba ndinali nditadya kale, ndinachita kukongola.

Wachiwiri anali mtsikana wogulitsa kaunjika, wolimba mtima, woti akhoza kutsutsana mtengo ndi mkango. Ameneyu anatha mwezi. Za madzi sanatchule. Iye anati zovala zake zonse za m'belo zikununkha ubani, wachapa, wayanika, koma makasitomala akumufunsa ngati akugulitsa zovala za anthu akufa. Anasamuka m'mawa osatsanzika, anangosiya kiyi pa windo.

Nkhani inafika pamsika ine ndisanafike. Mayi wa nsomba naye sanandisiye.

"Alandilodi, onjezerani lamulo pa katoni panu. Mzimu ukapitirira sabata wasanduka mutu, uzilipira madzi."

"Mayi, musamasewere nazo zimenezo."

"Oho! Lero mwadziwa zosaseweretsa?"

Banja la m'chipinda chachinayi, loyandikana nacho, linayamba kufunsa nyumba kwina. Apa ndinaona kuti ndalama ya achemwali, ya zaka zisanu ndi chimodzi za manja otupa ndi sopo, ikusungunuka ine ndikuyang'ana. Ndinapita kwa atelala chipewa chili m'manja kuti andiitanire ashehe adzapemphere. Anavomera. Ndinagula mpunga, nkhuku ziwiri, shuga ndi masamba a tiyi, zonse ndinalemba kwa achemwali kuti ndi zokonzera denga.

Ashehe anali nkhalamba yowonda, yoseka msanga. Analowa, anakhala pamkeka, anawerenga dua nthawi yaitali, ife tili pakhonde. Potuluka ndinawafunsa ngati chachoka.

"Chiyani?"

"Chimene chili m'menemo."

"Mulibe kanthu m'menemo, mwana wanga. Mayi aja anamaliza eda yawo bwinobwino, anapita, akupuma. Akufa sabwerera kudzalimbirana zipinda za lendi." Anavala nsapato zawo. "Ngati pali wina amene sakupuma, ali kunja kuno."

Anadya nkhuku yanga n'kumapita.

Ndiye ndinati ndikalowemo ndekha ndithetse nkhani. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha koti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ndinalowa cha m'ma leveni, ndinatseka, ndinakhala pasimenti. Munali zii. Munali mozizira ngati m'mtsuko. Munalibe kalikonse, koma pakhoma, m'munsi, pamene anatsamira mutu tsiku lija, panali kabanga ka mafuta kozungulira, kakang'ono ngati chikhatho. Khoma limenelo ndinali nditalipaka laimu kawiri. Kabangako kanatulukanso. Wopenta anandiuza pambuyo pake kuti mafuta amatero, amaboola laimu. Mwina. Koma munthu angatsamire kangati kuti mafuta alowe m'khoma chotero? Ndiye kuti chichokere tsiku lija ankakhala choncho, nkhope kukhoma, masabata atatu onse, kuopa kuti chitseko chitsegukanso.

Ndinakhala ndikukayang'ana. Kunja ndinkamva makina a atelala, kenaka analeka. Kumzikiti anaitana.

Anzanga, madzi aja ndinawamva. Kumbuyo kwanga, pafupi, ngati munthu wagwada pamenepo. Katatu. Kupuma.

Achiwiriwo sindinawadikire. Ndinathamanga osaponda pansi mpaka ku Dwambazi, ndinawoloka mtsinje ng'ona zikundipatsa njira. Chabwino, ndinafika pa mango. Koma ndinafika nsapato imodzi, ndipo inayo ikadali momwemo mpaka lero.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani imene sindinauzepo munthu, ndipo mukaseka ndikukhululukirani.

Chipinda chitakhala chopanda munthu miyezi iwiri, achemwali anatopa. Anati ngati sindingathe kudzaza zipinda zisanu zokha, nyumba aipereka kwa alamu athu aziyang'anira, ine nditsale ndi kabaza wanga. Anandipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Pa tsiku lomaliza ndinawaimbira kuti ndapeza munthu. Mphunzitsi wa ku pulayimale, wosakwatira, wosamwa, wopanda ayironi, wokonda kuwerenga. Anasangalala. Ndipo mphunzitsiyo sanachedwetsepo lendi ngakhale tsiku limodzi. Pa wani ndalama yalowa. Ya madzi amapereka, ya magetsi amapereka, tsiku lake lotsuka chimbudzi chimawala. A m'chipinda chachinayi ataona kuti phokoso latha anakhazikika.

Mphunzitsiyo kulibe. Ndine.

Miyezi khumi ndi umodzi tsopano ndikulipira lendi ya chipinda chimene ndimaopa kulowamo. Mumandinena kuti ndaumira, sindikuguliraninso tchipisi, ndimanyamula matumba a makala mpaka msana kulira, mumati ndikusungira ukwati. Ndikusungira chipinda chopanda munthu. Ndipo si kuti ofuna palibe. Mphekesera zinazilala, anthu amabwera, ena ndalama zili m'manja. Sabata yatha kunabwera namwino, munthu wabwinobwino. Anangoti, "Ndingaone mkati?" Ndinamuuza kuti muli munthu. Atelala anamva, anakweza maso, n'kubwerera ku makina awo. Iwo ndi mayi wa nsomba akudziwa kuti mphunzitsi sanamuonepo, koma palibe amene wandiulula, ndipo chimenecho chimandiwawa kuposa kunyozedwa.

Achemwali akubwera pa Khirisimasi. Akuti choyamba akufuna kudzagwira dzanja la mphunzitsi wawo, munthu yekhayo wokhulupirika pa nyumba yonse, ndipo afunsa kale kawiri ngati ali ndi chibwenzi. Mwezi wathawu anamutumizira mphatso pa basi. Malaya a mizeremizere amene mwakhala mukuwayamikira aja, amene ndinakuuzani kuti anandipatsa mzungu nditamupulumutsa kwa mvuu, ndi a mphunzitsiyo. Amandithina m'khwapa.